Ulendo wa Ndalama ya Siliva Kuchokera ku Athens Kufika ku Chintheche

A Mkonzi a kalata yathu ino anandipempha kuti ndilembeko za ntchito imene ndimagwira m'boma, koma ine ndapempha kuti andilole kulemba za chinthu chimene chimandidyera nthawi ndikaweruka, ndicho kutolera ndi kusunga ndalama zachitsulo zakale. Ena mwa inu amene tinali kalasi imodzi mukudziwa kale za chizolowezi changachi, ndipo tikakumana mumandiseka kuti ndine munthu wolemera ndi ndalama zosagula ndi usipa womwe. Funso limene mumakonda kundifunsa ndi lakuti, kodi ndalama za Agiriki ndi Aroma zikutikhudza chiyani ife ana a m'mphepete mwa nyanja? Lero ndifuna kuyankha funso limenelo mofatsa.

Ndiyambe ndi kunena poyera kuti Agiriki ndi Aroma sanafike pa nyanja yathu. Buku lakale la amalinyero lotchedwa Periplus, limene linalembedwa m'Chigiriki m'zaka za pakati pa 40 ndi 70 AD, limatchula madoko a kum'mawa kwa Africa mpaka pa doko la Rhapta, limene akatswiri ambiri amati linali m'gombe la dziko la Tanzania la lero. Amalondawo ankathera pomwepo. Choncho munthu wina akadzakuonetsani ndalama ya Aroma nanena kuti anaifukula mu mchenga wa ku Chintheche, mumuyang'anitsitse bwino musanapise dzanja m'thumba. Komabe ndalama ziwiri za anthu amenewa zinafika kuno podzera njira ina. Ina inatilowa m'kamwa, ndipo ina inalowa m'makope athu a samu ndi m'Baibulo la agogo athu.

Ya m'kamwa ndi drachma ya Agiriki. Kandalama aka kanali ka siliva, kolemera magalamu anayi ndi pang'ono, ndipo mumzinda wa Athens cha m'ma 400 BC mmisiri womanga nyumba ankalandira drachma imodzi pa tsiku. Yotchuka koposa inali ndalama yaikulu ya madrachma anayi, yolemera pafupifupi magalamu 17. Mbali imodzi inali ndi mutu wa mulungu wawo wamkazi Athena, ndipo mbali inayo inali ndi kadzidzi wa maso aakulu, kanthambi ka mtengo wa azitona, ndi zilembo zitatu zoyamba za dzina la mzindawo. Taganizani abale, kadzidzi yemweyu amene ife akalira pa denga usiku timadzuka kukamuponyera chikuni chamoto, iwo ankamuyesa mbalame ya nzeru, mpaka kumuika pa ndalama imene inkalandiridwa kuchokera ku Egypt mpaka ku Persia.

Siliva wake ankakumbidwa ndi akapolo m'migodi ya Laurion, kummwera kwa Athens. M'chaka cha 483 BC anapeza mtsempha wonenepa wa siliva, ndipo maganizo a anthu ambiri anali oti agawane phindulo, munthu aliyense madrachma khumi. Mtsogoleri wina dzina lake Themistocles anawakakamiza kuti m'malo mogawana amangire zombo za nkhondo. Patangopita zaka zitatu, mu 480 BC, zombo zimenezo ndi zomwe zinagonjetsa Aperisi pa Salamis. Ife amene timakhala m'misonkhano ya bajeti timaidziwa bwino mikangano yotereyi, ndipo kawirikawiri a Themistocles a masiku ano sapambana.

Alexander Wamkulu, amene anamwalira mu 323 BC, anafalitsa drachma mpaka ku malire a India. Maufumu a ku Persia amene anadza pambuyo pake anapitiriza kusula ndalama ya siliva ya dzina lomwelo kwa zaka mazanamazana, ndipo Aluya atagonjetsa Persia anailandira naitcha dirham. Cha m'ma 697 AD mfumu yawo Abd al-Malik inachotsapo zithunzi zonse n'kusiya malemba okhaokha. Madirham akachuluka, m'Chiarabu amati darahim. Amalonda a ku Kilwa ndi Sofala, amene ankagula golide wa m'dziko la Zimbabwe, analowa nalo liwu limeneli kumtunda, ndipo mpaka lero Mashona golide amamutcha ndarama. Akatswiri ambiri a zilankhulo amaona kuti liwu lathu lakuti ndalama, limene Atonga, Atumbuka, Ayao ndi Abemba alinso nalo, gwero lake ndi lomweli. Tsono mayi wogulitsa chinangwa pa msika wa Chintheche akamati ndalama zachepa, akutchula dzina la kandalama ka Agiriki kamene kanayamba kusulidwa zaka zoposa 2,500 zapitazo. Mawu ena a ndalama nawonso ndi alendo. Kobiri anachokera kwa Apwitikizi, amene mkuwa amautcha cobre, pamene lupiya anachokera ku India.

Ya Aroma ndi denarius. Inayamba kusulidwa cha m'ma 211 BC, pa nthawi ya nkhondo yolimbana ndi Hannibal wa ku Carthage, mzinda wa kumpoto kwa Africa. Dzinali limatanthauza chinthu chokhala ndi khumi, popeza inkasinthidwa ndi makobiri khumi a mkuwa, ndipo zoyambazo zinali ndi chilembo X. Pa nthawi ya Augustus msilikali wamba ankalandira madenarius 225 pa chaka. Akuluakulu athu amene munaphunzira samu za mapaundi, masheleni ndi mapeni chisanafike chaka cha 1971, kodi aphunzitsi anakuuzani chifukwa chake peni inkalembedwa ndi chilembo d osati p? Chilembocho chinkaimira denarius. Nthawi iliyonse imene munkalemba 6d pa sileti, munkalemba dzina la ndalama ya Kaisara.

Ndalama yomweyi ndi imene timaimva m'tchalitchi pa fanizo la antchito a m'munda wamphesa, ndiponso pa nkhani ya msonkho wa Kaisara. Mfumu ya Aroma pa masiku amenewo inali Tiberius, amene analamula kuyambira 14 mpaka 37 AD, ndipo osunga ndalama zakale amalimbirana denarius yake kaamba ka nkhani imeneyi. Chimene chimandisangalatsa ine ndi mmene omasulira Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu mu 1922, anachitira ndi liwu limeneli. Sanalembe denarius, ndipo sanatsate Baibulo la Chingelezi limene linati peni. Anafunafuna ndalama ya siliva imene anthu a m'dziko muno anali ataigwirapo m'manja, ndipo anasankha theka la lupiya. Pa kulemera kwake sanaphonye kwenikweni, pakuti lupiya wa ku India anali wa magalamu 11.66, ndiye theka lake linali lochepera pang'ono magalamu asanu ndi limodzi, pamene denarius ya Tiberius inali pafupifupi magalamu anayi. Kasankhidwe kameneka kamatiuzanso mbiri ya dziko lathu, kuti lupiya ankayenda muno ndithu m'zaka zoyamba za ulamuliro wa atsamunda, asanagonje kwa sheleni.

Ine ndili ndi denarius imodzi yokha. Chaka china boma linanditumiza ku maphunziro a miyezi yochepa ku Scotland, ndipo ndinakaona ndalama zakale ku Hunterian Museum mumzinda wa Glasgow, kumene amasunga zikwizikwi zimene dotolo William Hunter anatolera asanamwalire mu 1783. Pobwerera ndinagula kamodzi kotha nkhope m'sitolo ina, pa mtengo wosaposa wa nsapato zabwino. Ndi ka mfumu Septimius Severus, amene anabadwira ku Leptis Magna m'dziko la Libya la lero, nalamula Roma kuyambira 193 mpaka pamene anafera ku York mu 211. Ndinakasankha chifukwa mwini nkhopeyo anali mwana wa m'nthaka ya Africa. Kukula kwake n'kofanana ndi 5 tambala yakale ija yokhala ndi chithunzi cha kakowa, ndipo ukakayang'ana ndi galasi lokuza zinthu umaona ndevu zake zopotanapotana.

Kandalama kameneka kali ndi nkhani imene sikaibisa kwa munthu wodziwa kuyesa chitsulo. Pa nthawi ya Augustus denarius inali siliva pafupifupi yekhayekha. Mu 64 AD Nero anaichepetsa kulemera nathiramo mkuwa pang'ono. Pofika nthawi ya Severus, amene anakweza malipiro a asilikali kuti asamuukire, siliva anali atatsala pafupifupi theka. Mwana wake Caracalla mu 215 anatulutsa ndalama yatsopano imene inkawerengedwa ngati madenarius awiri pamene siliva wake anali wa imodzi ndi theka. Pofika cha m'ma 270 ndalama imeneyo inali mkuwa wongopakidwa siliva pamwamba, ndipo mitengo ya zinthu inathamanga kotero kuti mu 301 mfumu Diocletian inalamula mitengo ya katundu yense, n'kuopseza ndi imfa aliyense wokweza. Lamulolo silinagwire ntchito. Anthu wamba sanafunike sukulu kuti azindikire zimene zinkachitika. Ndalama zabwino zakale ankazikwirira m'miphika, n'kumagulira zinthu ndi zatsopano zopepukazo. Miphika imeneyo ndi imene alimi a ku Ulaya amaifukula mpaka lero, ndipo n'chifukwa chake munthu wa malipiro a m'boma ngati ine angathe kukhala ndi denarius.

Tsopano tibwere kwathu. Makolo athu a m'mphepete mwa nyanja ankachita malonda popanda ndalama yachitsulo. Makasu, mchere, mikanda, minyanga ya njovu ndi nsalu ndi zimene zinkayenda, makamaka Jumbe atakhazikika ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1840. Pamene Atonga anali m'malinga kuopa Angoni, ngati linga la Mankhambira ku Chintheche, chuma cha munthu chinali anthu ake, mfuti ndi nsalu. Amishoni a Livingstonia atasamutsa likulu lawo kuchoka ku Cape Maclear kudza ku Bandawe mu 1881 motsogozedwa ndi Dr Robert Laws, antchito awo ankawalipira ndi mikwamba ya nsalu. Kampani ya African Lakes, imene tonse timaidziwa ndi dzina lakuti Mandala, inkachitanso chimodzimodzi ndi Atonga amene inkawalemba ntchito ya mtengatenga, ndi amene anapita kukamenyana ndi Mlozi ku Karonga chakumapeto kwa zaka za m'ma 1880.

Chimene chinasandutsa ndalama yachitsulo kukhala chinthu chosapeweka ndi msonkho. Dziko lino linalowa m'manja mwa Britain mu 1891, ndipo pofika 1894 msonkho wa nyumba unali masheleni atatu pa chaka. Boma litakhazikika m'dera lathu chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890, ndipo kwa zaka zambiri likulu la West Nyasa linali pa Chintheche pomwepa, munthu aliyense anayenera kupeza tizitsulo ta nkhope ya mfumu ya ku England. Chinangwa ndi usipa sizikanatha kubweretsa masheleni okwanira. Anyamata amene anaphunzira kuwerenga m'masukulu a Bandawe ananyamuka wapansi kupita ku Blantyre, ku Salisbury, ku Bulawayo ndi ku Joni. Mmodzi wa iwo anali Clements Kadalie wa ku Chifira, amene anayambitsa bungwe la antchito la ICU ku Cape Town mu 1919. Ena anabwera ndi masutukesi ndi njinga, ena anasanduka machona.

Ndimaganiza kawirikawiri za anthu amene ankakhala m'tchalitchi cha Bandawe m'zaka zimenezo, namva nkhani ya ndalama ya msonkho yokhala ndi chithunzi cha Kaisara. Kwa iwo sinali nkhani ya kutali. Sheleni ya nkhope ya mfumu yachilendo inali yomangidwa pa mfundo ya nsalu yawo, ndipo wokhometsa msonkho anali pa mtunda wochepa kuchokera pomwepo. Sizodabwitsa kuti Elliot Kamwana atafika mu 1908 ndi uthenga wa Watch Tower, wolonjeza mwa zina dziko latsopano lopanda msonkho, anthu oposa 9,000 anabatizidwa m'miyezi yowerengeka, mpaka boma linamuchotsa m'derali mu 1909. Aphunzitsi athu a mbiri anatiphunzitsa za Kamwana ngati nkhani ya mipingo. Ine ndimaiona kuti inalinso nkhani ya masheleni.

Agogo anga aamuna anagwira ntchito ku Southern Rhodesia ndi ku Joni, ndipo atamwalira tinapeza kachitini ka fodya pansi pa bokosi lawo la zovala. Kachitini kameneko ndiye chiyambi cha zonse zimene ndasonkhanitsa. Munali matiki a ku South Africa okhala ndi duwa la protea, masheleni a ku Southern Rhodesia okhala ndi mbalame yamwala ya ku Great Zimbabwe, hafukoloni ya chaka cha 1937, ndi lupiya mmodzi wa Mfumukazi Victoria wosalala ngati mwala wa m'nyanja. Nditaziyala pa tebulo motsata zaka ndinaona chinthu chimodzi: panalibe ndalama yoyera ngakhale imodzi ya pambuyo pa 1946.

Chifukwa chake ndi chomwe chija cha miphika ya Aroma. Mpaka 1919 sheleni ya ku Britain inali ndi magawo 925 a siliva pa 1,000 alionse. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, mu 1920, anatsitsa kufika pa theka, monga anachitira Severus. Nkhondo yachiwiri itatha, mu 1947, anachotseratu siliva yense n'kuyamba kusula ndi mkuwa wosakaniza ndi nikelo, popeza Britain inali ndi ngongole ya siliva kwa America. Southern Rhodesia, imene inayamba kusula ndalama zake mu 1932 ndipo zinkayendanso muno mu Nyasaland, inatsata njira yomweyo: siliva wabwino poyamba, theka kuyambira 1944, ndipo mu 1947 n'kutheratu. Njira imene inawatengera Aroma zaka mazana awiri, Angelezi anaiyenda m'zaka zosakwana makumi atatu. Agogo aja sanawerengepo buku la zachuma, koma ankadziwa kuponya sheleni pa simenti ndi kumvetsera. Ya siliva imalira nthawi yaitali ndi liwu lakuthwa, pamene inayo imangoti phwa. Zolira bwinozo anazibisa, zinazo anagulira sopo.

Ndalama za Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, zimene zinayamba mu 1955, zinalibe siliva, ngakhale kuti pa kukongola ndimazipatsa ulemu. Peni yake inali yoboola pakati ndi njovu ziwiri, ndipo ana ankaziveka pa chingwe. Ya masheleni awiri inali ndi nkhwazi itagwira nsomba, chithunzi chimene aliyense wokulira kuno amachiona m'mawa uliwonse. Anthu a boma lathu lino anali m'gulu la amene anakana Chitaganyacho mwamphamvu, ndipo magazi anakhetsedwa pa doko la Nkhata Bay pa 3 March 1959. Ukaigwira ndalama imeneyi umakumbukira zonse ziwiri, nkhwazi ndi tsikulo. Mu 1964 tinalandira zathu za nkhope ya Dr Banda: sikisipensi ya tambala, sheleni ya chimanga, ya masheleni awiri ya njovu, ndi hafukoloni. Kwacha inabwera mu February 1971, makwacha awiri kulowa m'malo mwa paundi imodzi, ndipo n'chifukwa chake amayi athu anapitiriza kutcha K2 kuti paundi ndi 10 tambala kuti sheleni mpaka ife titakula.

A msinkhu wanga tinaona tambala ikufa tikuyang'ana. Tili ku pulayimale inkagula zitumbuwa pa nthawi yopuma. Kwacha itamasulidwa mu 1994, n'kudzagwanso kwambiri mu 2012 ndi mu 2023, ndalama zachitsulo zinasiya kugula kanthu kooneka, ndipo mu 2022 tinalandira pepala la K5,000. Sindikulemba izi pofuna kudzudzula aliyense, ndine wa m'boma ndipo ndimadziwa malire anga. Ndikungoti mwana wa Fomu 2 amene akuvutika kumvetsa chifukwa chake ufumu wa Roma unagwedezeka angamvetse msanga mutamuikira pa desiki hafukoloni ya 1937, sheleni ya 1947, 20 tambala ya 1971 ndi pepala la lero, kusiyana ndi kumulembetsa manotsi masamba asanu.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi chakuti zitini ngati za agogo anga zikutha. M'midzi yathu mumadutsa anthu ofunsa ndalama zakale ndi simbi zamakala, makamaka lupiya wa Ajeremani wa nkhope ya Kaiser Wilhelm II, amene asilikali ndi amtengatenga a nkhondo ya 1914 mpaka 1918 ankabwera naye kuchokera ku Tanganyika. Amauza nkhalamba nthano zoti ndalamazo zili ndi mankhwala kapena kuti zimakoka chuma, ena amalipira zochepa, ena amangoti akaziyeze n'kupita osabweranso. Zoona zake n'zakuti zambiri mwa ndalamazi zinasulidwa mamiliyoni, ndipo pa msika wa osunga zakale mtengo wake suposa kwenikweni mtengo wa siliva amene alimo. Phindu lake lenileni lili pa kudziwa kuti inali ya yani, anaipeza kuti, ndipo anaigwirira ntchito yanji. Ikachoka m'banja popanda mbiri imeneyo, yasanduka kachitsulo chabe.

Vuto limeneli lilinso ku Ulaya, ndipo kumeneko ndi lalikulu. Mu 42 BC Brutus anasula ndalama yokumbukira kuphedwa kwa Julius Caesar, yokhala ndi mipeni iwiri. Imodzi ya golide ya mtundu umenewu inagulitsidwa ku London mu 2020 pa mtengo woposa mapaundi 3 miliyoni, koma kenaka zinadziwika kuti mapepala a mbiri yake anali abodza, ndipo mu 2023 inabwezedwa ku Greece. Zachinyengo zosulidwa dzulo n'kuzidetsa dala nazonso n'zambiri. Kuno kwathu tilinso ndi lamulo loteteza zinthu zakale, ndipo chinthu chimene mwachifukula pa malo a mbiri, monga pa malinga akale kapena pa mishoni yakale ya Bandawe, ndi bwino kuchidziwitsa kwa a nthambi ya boma yoona za zinthu zakale m'malo mochipereka kwa munthu wodutsa.

Pempho langa kwa inu anzanga ndi ili. Mukapita kumudzi pa tchuthi, funsani azakhali ndi amalume ngati kachitini kotere kalipo. Mukakapeza musazikweche ndalamazo ndi phulusa, mchenga kapena mandimu, pakuti kuda kwa pamwambako n'kumene kumateteza chitsulo, ndipo yokwechedwa imataya mtengo. Muzizigwira m'mphepete, ndipo iliyonse muiike m'kaenvulopu kakekake ka pepala, pa malo ouma, popeza chinyezi cha kunyanja kuno chimadya mkuwa msanga. Pa envulopupo lembani dzina la mwini wake, kumene anagwira ntchito, ndi chaka chimene anabwera, nkhalamba zodziwa zimenezi zikadali moyo.

Ndapempha a komiti kuti pa msonkhano wathu wa pachaka atipatse tebulo limodzi m'holo, ndipo ngati akuluakulu a sukulu angavomere, tidzaganize zogula kabati ya galasi yoika mu laibulale kuti amene angafune kubwereketsa ndalama zawo ku sukulu azitero mwa kulemberana. Ine ndidzabwera ndi sikelo yaing'ono, galasi lokuza zinthu, kachitini ka agogo ndi denarius ya Severus. Amene mudzabwere ndi zanu ndidzakuthandizani kuwerenga zaka ndi kudziwa za siliva ndi zimene sizili za siliva, kuyambira 9 koloko m'mawa zokambirana zisanayambe.